Ndinathira madzi m'maso mwa nkhuku za mlamu wanga

Abale ndi alongo, musafulumire kundiombera m'manja, yambani mwamva. Ine ndine Esnati, ambiri mumandidziwa kuti amake Chisomo wa ku Estates, uja wa nkhuku. Abusa atati amene ali ndi umboni aimirire, ndaona ena mukumwetulira poganiza kuti ndinena za mazira ndi madalitso. Iyayi. Ndabwera kudzanena za nsanje, ndipo munthu amene ndinamuchitira nsanjeyo ali muno, wakhala pa benchi yachitatu apo. Ndinamupempha kuti ndinene, wandilola.

Atate anga anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ine ndinabadwira konkuno ku Kafue. Chimene anandisiyira ndi khola la nkhuku kuseri kwa nyumba. Ndinakula ndikutola mazira, moti pa mzere wathu wa nyumba nkhuku ikangoyamba kuodzera, mwini wake ankathamangira kwa ine. Mukudziwa kuti katemera wa chitopa amabwera m'kabotolo kamodzi kokwanira nkhuku zambirimbiri, ndipo kakatsegulidwa sikachedwa kutha mphamvu. Munthu wa nkhuku khumi sangakamalize yekha. Ndiye tinkagulira pamodzi mzere wonse, ine n'kukasunga mu firiji yanga. Tsiku lake ndinkakaika mu fulasiki ya madzi oundana, n'kuyenda khomo ndi khomo m'mamawa makola asanatsegulidwe. Mwini nkhuku amagwira, ine n'kudontheza dontho limodzi m'diso. Ntchito imeneyo ndinkaikonda, koma ndinene zoona, osati chifukwa cha nkhuku. Ndinkakonda kumva anthu akuti, "Ba Esnati afika, tsegulani geti."

Kenaka mlongo wanga wamng'ono Yobe anakwatira Mutinta, mtsikana wa ku Chanyanya, mwana wa msodzi. Anapeza nyumba kumapeto kwa mzere wathu womwewo. Nsomba ankaidziwa mlamu wangayu, koma nkhuku ankaiopa, ikakupiza mapiko ankaiponya pansi n'kukuwa. Ndine ndinamupatsa misoti yake iwiri yoyamba. Ndine ndinamuonetsa kagwiridwe ka miyendo ndi mapiko. Kumbukirani zimenezo, chifukwa ine ndinkazikumbukira tsiku lililonse.

Tsiku lina mdala wina wa ku Shimabala anadutsa pa njinga akugulitsa mazira a nkhukundembo, aja aakulu amawangamawanga. Tonse awiri tinagula. Ine, katswiri, sindinafunse kanthu. Ndinawaika pansi pa thadzi langa limodzi ndi mazira ake a nkhuku, tsiku limodzi lomwelo. Patatha masabata atatu anapiye anaswa, thadzi linadzuka n'kumayenda ndi ana ake pabwalo, chisa n'kuchiiwala. Mazira a nkhukundembo amafuna masabata anayi. Anga anazizira, anaola. Ndinawakwirira kuseri kwa chimbudzi, ndipo aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti mdala uja anatigulitsa mazira akalekale.

Patangopita masiku ochepa, Mutinta anabwera akuthamanga, alibe ndi nsapato zomwe. "Ba mulamu, bwelani muone! Yaswa!" Mwa mazira asanu ndi atatu, asanu ndi awiri anaswa. Mazira a mdala yemweyo, a m'dengu lomwelo.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kutsetsereka, ndipo sindinachedwe. Nkhukundembo zija zinakula, zinayamba kuikira, iye n'kumaswetsa zina. Tambala wake wamkulu akalira gulugulugulu, ndinkamumva ndili kukhitchini kwanga, mtima n'kuchita kuti myuu. Anthu anayamba kudutsa pa geti langa osaima, akupita kumapeto kwa mzere. Mnansi wanga amake Bwalya, amene pakamwa pake palibe chitseko, anandikuwira pa mpanda kuti, "Ba Esnati, shani? Mwana wa sukulu wapitilila ba ticha!" Ndinaseka nawo, koma tsiku limenelo chakudya sichinatsike. Amayi abusa atapempha Mutinta kuti aphunzitse azimayi za kuweta, ine ndinati mutu ukundiwawa, sindinabwere. Pa Khirisimasi Yobe anandibweretsera ntchafu ya nkhukundembo. Ndinailawa, inali yokoma, koma ndinati ndi youma ngati chikuni. Ndipo ndine, ine ndemwe woimba kwaya muno, ndinayamba kunong'oneza anthu kuti ana a kumtsinje sayenda chabe, alipo kamankhwala kamene makolo ake anamupatsa. Ndinalibe umboni uliwonse. Ndinali ndi nsanje basi.

Inafika nyengo yotentha ija ya mphepo ndi fumbi, imene chitopa chimakonda. Tinagula katemera monga mwa nthawi zonse. M'mawa wa tsikulo, ndikutsegula kabati, ndinaona kabotolo kakale kopanda kanthu ka ulendo wathawo. Katemera ameneyu amaoneka ngati madzi, palibe angasiyanitse. Sindinganame kuti Satana anandigwira dzanja. Ndinatsuka kabotoloko ndekha, ndinakadzaza madzi a pampopi ndekha, ndinakaika mu fulasiki pambali pa kabotolo kenikeni. Makomo onse ndinadontheza katemera weniweni. Nditafika kwa Mutinta, ndinatulutsa ka madzi kaja.

Anagwira nkhuku zake imodziimodzi, monga momwe ndinamuphunzitsira. Anagwira nkhukundembo zija, zolemera, akuzinyengerera ngati ana. Ine n'kumadontheza madzi. Titamaliza analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathumba ka nsomba zouma zimene amayi ake anatumiza kuchokera ku Chanyanya. "Ba mulamu, zikomo. Popanda imwe sembe nilibe olo nkhuku imodzi." Ndinalandira. Mumtima ndinkadziuza kuti sindikufuna zife zonse ayi, zingofa ziwiri zitatu, adzichepetse, abwere adzandifunse nzeru monga kale.

Chitopa sichiwerenga kuti ziwiri kapena zitatu. Patatha masabata ngati atatu chinalowa pa mzere wathu. Makomo ena anataya kamwanapiye apa ndi apo, koma kwa Mutinta chinasesa. Nkhuku zinagwetsa mapiko ngati zavala majekete, zitosi zobiriwira, kukhosi kukulira. Yobe ankakumba dzenje m'mamawa asanakakwere basi ya ku Lusaka, pobwera madzulo n'kukumbanso lina. Tambala wamkulu uja anafa khosi litapindikira kumsana. Ndinamva mlongo wanga akukalipira mkazi wake kuti, "Unali kuchita matama, kuitana anthu onse mu khola, ona manje!" Ine ndinaima pomwepo, manja kumsana, ndikuti, "Pepa mlamu, ndi mayesero." Mukufuna kudziwa ngati ndinakondwa? Tsiku loyamba ndinakondwa. Gulugulu uja atasiya kumveka, ndinaphika ndikuimba.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene Mulungu anandipezera.

M'mawa wina ndikuchapa pabwalo, ndinamva kugogoda pa geti. Anali Mutinta. Anali atavula nsapato n'kuzisiya kutali pamsewu, manja onse awiri atagwira pamimba, pansi pa chitenje. Maso ali psuu. Ndinaganiza kuti wadwala.

"Lowa, mlamu," ndinatero.

"Awe, siningalowe, ningakubweletseleni matenda." Anatsegula chitenje pang'ono. Munali mazira, atawakulunga m'kansalu n'kuwamangira pathupi pake kuti asazizire. "Nkhuku yamene inali kukhalila yafa lelo kuseni, pa chisa pamene. Yakhalila masiku khumi. Aya ndiye yatsala, ba mulamu, kulibe vinangu. Ninamva kuti muli na nkhuku yamene yayamba kukhalila. Koma niyopa. Katemela uja siunagwile kwanga, kapena na kwanu siunagwile bwino. Ngati mwakana, sinizakwiya."

Abale, taganizani. Munthu amene ndinamuphera ziweto waima pa geti langa wopanda nsapato, akuopa kuti angandiphere zanga. Ndipo ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti nkhuku zanga zili ndi chitetezo, chifukwa zinalandira katemera weniweni. Ndinayankha mofulumira kwambiri kuti, "Zanga zili bwino, bwera nawo." Anandiyang'ana ngati ndamuchitira chifundo chachikulu, misozi n'kugwa.

Ndinali ndi thadzi lofiira limene linali litangoyamba kufungatira. Ndinachotsa mazira ake, iye n'kumandipatsira ake limodzilimodzi, akadali ofunda ndi thupi lake. A nkhukundembo anali asanu ndi anayi. Kenaka anatulutsa awiri ang'onoang'ono a nkhuku, olembedwa ndi pensulo.

"Nanga awa ndi a chiyani?" ndinafunsa.

"Aya nimaika pakapita masiku seveni, kuti yaswe pamodzi na yakulu. Mukaika tsiku imodzi, tunkhuku tumayamba kuswa, mai wake amanyamuka, yakulu yazizila. Elo twana twa nkhukundembo ni topusa, situdziba kudya. Tumaonela ku tunkhuku."

"Unazidziwa bwanji zimenezi?"

"Ninafunsa chabe ba mdala baja bamene banatigulitsa. Imwe munali mwalowa kale mu nyumba."

Ndinakhala pa chidebe. Amenewo ndiwo anali mankhwala a kumtsinje aja ndinkauza anthu. Mwana wa eni anangofunsa. Ine zaka ziwiri ndinkapsa mtima chifukwa cha chinthu chimene akanandiuza pa mpanda ndikanangotsegula pakamwa.

Koma musaganize kuti ndinaulula tsiku limenelo. Ayi ndithu, ndinauma khosi masiku ena khumi ndi asanu ndi atatu. Mutinta ankabwera m'mawa uliwonse, atasamba, atasintha zovala, nsapato n'kusiya kunja. Ankasesa khola langa pothokoza. Tinalowa m'kachipinda kamdima kosungira katundu n'kuunika mazira ndi tochi ya foni, iye n'kumandionetsa kanthu kakuda kakugwedezeka m'kati. Masiku omalizira, poti kunkatentha kwambiri, ankawaza timadzi tofunda m'mbali mwa chisa kuti zikamba zisaume. Ine pemphero linandikanika. Ndikagwada, ndinkangoona kabotolo kaja. Ndinkadzitonthoza kuti mazira akaswa ndiye kuti ndabweza, nkhani yatha, palibe chifukwa chonenera.

Anaswa masana a Lachinayi. Asanu ndi limodzi anatuluka, atatu anafera m'kati, ndipo anapiye awiri aja anatulukanso. Tinakhala pansi pafupi ndi chisa, ine nditanyamula kamodzi m'manja, kakunjenjemera, kamtima kakugunda pa chala changa. Mutinta ankaseka koyamba chiyambire maliro a ziweto zake. Kenaka ananena mawu amene anandimaliza.

"Utu sinizatupatsa katemela, olo tsiku imodzi. Uja ndiye unanipela vonse. Na amake Bwalya bakamba kuti beve baleka, na benangu pa laini."

Chitopa chinali chisanachoke m'dera lathu. Popanda katemera, tianapiye timeneti sitikanaona Khirisimasi, ndipo makola a mzere wonse akanatsatira. Ndinayesa kuzemba. Ndinati, "Iyayi mlamu, katemera ndi wabwino, ona zanga zili moyo."

"Ba mulamu, nkhuku iliyonse ninagwila na manja yanga. Munadontheza ine nili kuona. Nanga zinafa bwanji?"

Panalibenso pothawira. Ndikanakhala chete, ndikanamuphera kachiwiri, tsopano ndi pakamwa potseka. Ndinayang'ana kamwana kanali m'manja mwangamo, ndipo ndinati, "Sunali katemera. Anali madzi a pampopi. Ndinachita dala, chifukwa cha nsanje."

Sanakuwe. Sanatukwane. Ndikanakonda akanandimenya mbama. Anangotambasula manja n'kutenga kamwanapiye kaja m'manja mwanga pang'onopang'ono, n'kukabwezera pansi pa thadzi. Kenaka anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Na nsomba zija munadya?"

"Ndinadya."

Anaimirira n'kutuluka. Nsapato zake anaziiwala pa geti.

Tsono kudzuka kwanga sikunali kwa tsiku limodzi, ndipo musalole munthu akunamizeni kuti ukangolira pa guwa zonse zatha. Madzulo omwewo ndinapita kwa Yobe ndisanataye mtima, ndinamuuza ndekha, pamaso pa mkazi wake, kuti amene ankamukalipira uja analibe mlandu. Mlongo wanga, mwana amene ndinamubereka kumsana, anandiuza kuti, "Ba sisi, chokani pa nyumba panga." Ndinachoka. M'mawa mwake ndinayenda khomo ndi khomo, njira yomwe ija ndinkayenda ndi fulasiki, kuuza anthu kuti katemera sanalakwe, wolakwa ndine. Ndinabwezanso bodza lija la mankhwala a kumtsinje kwa aliyense amene ndinamunong'oneza. Amake Bwalya anandinyoza mpaka anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. "Imwe ba kwaya! Mumaimba aleluya na madzi mu thumba!" Sananame ayi.

Chovuta kwambiri chinali chakuti Mutinta sakanatha kutenga ana ake aja, poti khola lake linali likadali ndi matenda. Ndiye ankabwerabe m'mawa uliwonse pakhomo panga, kudzawapatsa chakudya ndi dzira lowiritsa lophwanyaphwanya, osandipatsa moni. Ine ndinkamutsegulira geti n'kubwerera m'nyumba. Sabata yoyambayo anakagula yekha kabotolo katsopano, anadontheza yekha m'maso mwa tiana take, n'kupitiriza mzere wonse. Fulasiki ndinamutumizira kudzera kwa amake Bwalya.

Loweruka lina ndinangotenga fosholo n'kupita kwawo osaitanidwa. Ndinapala zitosi zonse za m'khola lake, ndinatentha zisa zakale ndi nthenga, ndinatsuka zomwera, ndinathira laimu pansi ndi m'makoma. Yobe anandiyang'ana pa windo, sanandithamangitse. Khola linakhala lopanda kanthu kupitirira mwezi. Litakonzeka, ndinanyamula thadzi lofiira lija ndi ana ake onse, ndi misoti yanga yabwino kwambiri, ndinakazisiya. Sizinafanane ndi zimene anataya, ndipo sindinayerekeze kunena kuti tafanana.

Lero pa mzere wathu timachita mosiyana, ndipo amene mumaweta tengani izi. Kabotolo kamatsegulidwa anthu akuona, ndipo oyenda nako amakhala awiri. Timatemera miyezi itatu iliyonse, matenda asanabwere, chifukwa nkhuku yodwala kale katemera saichiritsa. Timayamba m'mamawa, kabotolo kali pozizira, kotsala sitisungira mawa. Nkhuku yachilendo, kaya ya mphatso, imakhala payokha masabata awiri. A nkhukundembo musaiwalenso katemera wa nthomba, chifukwa udzudzu wa kuno ku Kafue mukuudziwa, umatupitsa timitu tawo ndi zilonda. Ndipo chimene simukuchidziwa, funsani. Ngakhale kwa munthu amene munamuphunzitsa ndinu, funsani.

Wina afunsa kuti kodi nsanje inatha? Ndisakunamizeni m'nyumba ya Mulungu. Mwa ana asanu ndi mmodzi aja, asanu anakula, ndipo mmodzi ndi tambala wa phokoso kuposa woyamba uja. Akalira, kanthu kena kamagwedezekabe m'kati mwangamu. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimakadziwa dzina lake. Kakayamba, sindikhala nako ndekha kukhitchini. Ndimavala nsapato n'kupita komweko, kukamuona tambalayo ndi maso, n'kunena mokweza kuti, "Mlamu, waweta bwino." Poyamba mawuwo ankatuluka ngati ndikumeza mwala. Tsopano amatulukako bwino. Ngati alipo muno amene akamva mnzake akuyamikiridwa mimba imamupota, m'bale wanga, usadikire kuti ufike pa mpopi ngati ine. Uza munthu lero.

Za chikhululuko ndimalize nazo. Panapita miyezi yambiri tisakulankhulana kupitirira moni. Tsiku lina m'mamawa ndinamva kugogoda pa geti. Ndinapeza ndi Mutinta, fulasiki ili m'manja.

"Ba mulamu, amake Bwalya bamene nimayenda nao badwala. Bwelani munigwilileko nkhuku. Kugwila mumadziba."

Ndinathamanga kukamanga chitenje, mtima ukudumpha ngati wa mwana. Tili pa njira, mwachizolowezi ndinatambasula dzanja kuti ndimulandire fulasiki. Anaisamutsira ku dzanja lina.

"Ninakukhululukilani kale, kudala," anatero. "Koma botolo nigwila neka."

Papita zaka zitatu tsopano. Timadyera limodzi, ana athu amagona nyumba imodzi, mazira anga a nkhukundembo amene thadzi likufungatira panopa anandipatsa ndi iyeyo. Loweruka likubwerali ndi tsiku la katemera pa mzere wathu. Mukadzadutsa m'mamawa mudzationa, iye patsogolo ndi fulasiki, ine pambuyo, manja ali zikandekande ndi zikhadabo za nkhuku. Botolo sindinaligwirenso, ndipo sindinapemphe.